Mng'alu Pansi pa Ulalo wa Akamwini

Watson anakwatira m'mudzi wina wa kwa Nthache, tsidya lina la khwawa limene limadula njira yopita ku Thambani, ndipo tisabisane, ukamwini sunamuyanje. Mwamunayu kwawo kunali ku Neno, koma anakulira ku Blantyre, kumene ankagwira ntchito yoyala mapaipi a madzi mpaka tsiku limene kampani inachepetsa antchito. Sipanala ankaidziwa bwino, koma khasu ankaligwira ngati lobwereka. Akalima mizere iwiri, matuza mbwee m'manja, ndiye n'kuima, kumayang'ana dzuwa ngati lili naye mlandu. Amayi a m'mudzimo popita kumadimba ankakodolana, wina n'kuti, "Emelda uja anatola wa m'tauni, wolima ndi maso." Watson ankazimva zonsezi, ndipo chakudya cha kwa eni ake chinkamuima pakhosi.

Munthu mmodzi yekha ndiye sanamusekepo: apongozi ake, mayi Esime, amayi ake a Emelda. Iwo anali a mwambo wakale. Akakumana ndi mkamwini wawo panjira ankapatukira kutchire, n'kunjuta atayang'ana kumbali, moni wawo n'kumaupereka ku chitsamba: "Mwaswera bwanji, apongozi?" Dzina lake sanalitchulepo, ndipo m'maso sanamuyang'anepo. Akakhala ndi mawu ankawapatsira Emelda. Masiku oyamba Watson ankaganiza kuti mayiwa amamuda, mpaka anadandaula kwa mkazi wake.

"Inu, umenewo ndiye ulemu kwathu kuno," Emelda anatero akuseka. "Munthu amene amayi amamuyang'ana m'maso n'kumutchula dzina ndi mwana, kapena amene alibe naye ntchito. Inu akukuyesani munthu wamkulu."

Chiyambire tsiku limenelo Watson anaukonda ulemu wa kutchire uja. Pamudzi ponsepo ndi chokhacho chimene anali nacho, ndipo ankalakalaka tsiku lina atachita kanthu kosonyeza kuti mayiwa sakugwadira chitsa.

Khwawa lija ndiye linali mutu waukulu wa mudziwo. Chigayo, msika ndi chipatala zonse zinali tsidya linalo. Chaka ndi chaka amuna ankayala mitengo ya bulugamu, chiswe n'kudya theka, madzi a dzinja n'kutenga theka linalo. Tsiku lina anthu ali pamaliro, nkhani ya ulalo itabukanso, pakamwa pa Watson panathamanga kusiya mutu m'mbuyo.

"Zamitengozi zinatha kalekale," anatero. "Ine nditapita kwa mabwana anga akale, atha kundipatsa mapaipi achitsulo, atsopano, osagwirapo ntchito. Amandidziwa kwambiri kumeneko."

A Kinsley, malume ake a Emelda, amenenso anali nkhoswe ya banjali, anamuyang'ana pamwamba pa magalasi awo. Bambowa anali telala wopuma, woti ulusi wopotoka amauona malaya ali pathupi la munthu wodutsa kumsewu.

"Chabwino akamwini," anatero. "Tidzawaone."

Ku Blantyre mabwana aja sanamuone n'komwe. Mlonda wa pageti anali watsopano, ndipo anamuuza kuti asiye dzina, amuimbira. Watson anaima panja pa getiyo mpaka miyendo kuwawa. Kubwerera chimanjamanja kunali kosatheka, atalankhula zija pamaliro, mudzi wonse ukumva. Anatsetsereka kupita kwa ogulitsa zitsulo zakale, kumene anapeza mapaipi awiri aatali, onenepa ngati ntchafu ya munthu wamkulu. Anawapala dzimbiri kuti awapake penti wabuluu, azioneka ngati angotuluka m'fakitale. Ndi popala paja pamene anauona. Pakati penipeni pa paipi imodzi panali mng'alu wopingasa, wowonda ngati tsitsi, wotalika ngati chala. Paipi ina yofanana nayo panalibe, ndipo lole yopita ku Mwanza inali ikudikira.

Tsono apa ndi pamene munthu sungamuikire kumbuyo Watson, chifukwa za ming'alu ankazidziwa. Ali kukampani kuja, injiniya wina, mayi Malita, anawaphunzitsapo ndi nzimbe. Anaicheka pang'ono ndi mpeni, n'kugwira nsonga zonse ziwiri, n'kuipinda mwakuti chochekacho chitsekeke. Nzimbe inalimba nji. Ataitembenuza n'kuipinda mwakuti chochekacho chiyasame, inangoti thyo!

"Paipi ndi chimodzimodzi," anatero mayi Malita tsiku limenelo. "Ukaigoneka pa mizati iwiri n'kuika katundu pakati, imawerama. Pamwamba pake chitsulo chimapanikizana, pansi pake chimakokeka. Mng'alu ukakhala pamwamba umatseka pakamwa. Ukakhala pansi umayasama nthawi iliyonse katundu akadutsa, ndipo ukayasama umatalikako pang'ono. Ukamatalika, ngakhale katundu wochepa amaukwanira. Umakwawa, umakwawa, kenako umafika poti sukwawanso, umangothamanga kuzungulira paipi yonse kamodzi n'kamodzi, osatsanzika."

Choncho mapaipi atafika, amuna a m'mudzi atawawolotsa pakhwawa, Watson anaonetsetsa kuti mng'alu wayang'ana kumwamba. Pamenepo anachita bwino, ndipo akanausiya choncho ulalowo ukanapirira mpaka atapeza paipi ina. Koma penti anamupereka. Dzuwa litawomba, pamng'alu paja panatuluka kamzere kofiirira, kooneka bwinobwino pa buluu uja, ndipo mawa lake linali tsiku loti mudzi wonse udzayale matabwa, a Kinsley ali patsogolo ndi magalasi awo. Watson analimva kale funso m'makutu: nanga atsopanowa ang'aluka liti, akamwini? Anaganizanso za amayi a kumadimba aja. M'mawa, anthu asanafike, anatenga mtengo n'kuigubuduza paipiyo mpaka mng'alu unayang'ana pansi, kumene kulibe diso la munthu. Mumtima anati ndi za lero lokha. Matabwa amangidwa ndi waya, anthu akabalalika adzamasula n'kuibweza mmene inalili.

Anthu anabwera, ndipo sanabwere chimanjamanja. A Kinsley anafika akukankha wilibala yodzaza matumba a simenti.

"Apongozi anu agulitsa mbuzi yawo ija," anatero. "Ati ntchito yabwino ngati iyi isangokhala pa dothi, akuba zitsulo angatibere. Timangirire nsonga zonse ndi konkire."

Watson anayang'ana kumtunda. Mayi Esime anali chikhalire patali, pansi pa mtengo wa manachesi, atayang'ana kumbali monga mwa masiku onse. Apa ndiye panali poyankhulira. Koma anthu anali atayamba kale kuwomba m'manja, ndipo wina anali atamupatsa fosholo. Konkire amene anatsekera paipiyo chozondoka anamukanda yekha Watson, akumwetulira.

Ulalo unakongola, zimenezo n'zosatsutsa. Anthu anautcha ulalo wa akamwini. Amayi a kumadimba anasintha nyimbo, tsopano ankati Emelda anasankha ndi maso awiri. Kutchalitchi anamuika Watson mu komiti ya zomangamanga, ndipo a Kinsley anayamba kumufunsa nzeru pa nkhani za m'mudzi. Mayi Esime anatumiza tambala wamoyo kudzera mwa mwana wawo, ndi mawu akuti apongozi atichotsa manyazi. Tambalayo anaphedwa, koma kukoma kwake anakumva ndi Emelda yekha, amene pa nthawiyi anali ndi pakati.

Watson anayamba kutsikira kukhwawa pafupipafupi. Pansi pa ulalo panali thanthwe, ndipo akaima pamenepo paipi inkakhala pamwamba pa mutu wake pang'ono. Anatenga msomali n'kukanda kachizindikiro kumapeto onse awiri a mng'alu. Vuto linali lakuti ulalo ukakhala wopanda munthu, mng'alu unkatsinzina ngati palibe kanthu. Kuti auone bwino ankayenera kudikira kuti wina adutse pamwamba. Akadutsa mwana, sunkasuntha. Akadutsa mayi wosenza thumba la chimanga, unkayasamako pang'ono. Koma akadutsa Luckson, wootcha makala amene ankasanjikiza matumba panjinga mpaka iye mwini osaoneka, mng'alu unkatseguka moti chikhadabo chikanalowa. Posakhalitsa unapitirira zizindikiro zonse ziwiri, Watson n'kukanda zina.

Anaganizapo zoitana wowotcherera zitsulo wa ku Thambani. Koma ameneyo akanabwera ndi jenereta yake yaphokoso, theka la mudzi lili pambuyo, ndipo mwiniwakeyo anali munthu woti nkhani siigona m'mimba mwake. Komanso mayi Malita ankanena kuti kumata mng'alu pamwamba pokha n'kudzinamiza, umapitirizabe ulendo kunsi kwa chomatacho. Mankhwala enieni anali kuswa konkire n'kuchotsa paipi, ndipo konkire sungamuswe mobisa.

Ndiye anadula mtengo wa mphanda, n'kuuimika pathanthwe paja, kuchirikiza paipi pamng'alu penipeni. Luckson atadutsa, mng'alu sunatsegule pakamwa. Kwa masiku angapo Watson anadya n'kukhuta.

Kenako tsiku lina Emelda anamuikira mbale ya nyemba, nkhope ili ngwee.

"Mwamva zimene achita amayi? M'mudzi muno muli anthu ansanje. Wina anakaimika chimtengo pansi pa ulalo wanu, ndiye a tsidya lija amaseka kuchigayo, ati ulalo wa akamwini wayamba kale kuyendera ndodo. Amayi zawapsetsa mtima. Atsikira konko ndi mng'ono wanga Fyness, achizula, achiwaza nkhuni. Ati ntchito ya apongozi awo palibe woinyoza iwo ali moyo. Nyembazi aphikira nkhuni zomwezo, ati mulawe."

Watson anayang'ana nyemba zija. Akanangonena kuti mtengowo ndinaika ndine. Koma pambuyo pa mawu amenewo pakanabwera funso loti chifukwa chiyani, ndipo pambuyo pa funsolo pakanabwera geti ya ku Blantyre, penti wabuluu, ndi mbuzi ya apongozi. Anatapa nyemba n'kudya.

"Muwathokoze amayi," anatero, ndipo anadzida yekha ndi mtima wonse.

Mtengo wina sakanaimika. Mayi Esime anali atauza mudzi wonse kuti amene adzabwerezenso adzaonana nawo, komanso mvula inali itayamba, moti madzi akasefukira akanaukokolola. Chimene chinamutsalira Watson n'kuyang'ana basi. Ankatsika m'mawa, ankatsika masana, kuima pathanthwe, khosi chagada, kudikira wodutsa. Mng'alu unali utayamba kukwera m'mbali mwa paipi. Maganizo ake onse anali pa kamzere kameneko, moti sizinamufikepo m'mutu kuti pakati pa matabwa a ulalo panali mipata, ndiponso kuti ambiri odutsa pamwambapo anali amayi ovala zitenje.

Tsiku la msika wa ku Thambani, mayi Esime anadutsa atasenza dengu la mango, Fyness ali pambuyo pawo. Fyness anaponya maso pansi, n'kuona maso awiri ali tong'o pakati pa matabwa, akuyang'ana m'mwamba.

"Mayo ine! Alamu! Mukutani pansipo?"

Mayi Esime anaima. Sanayang'ane pansi. Anangokokera chitenje chawo m'miyendo ndi dzanja limodzi, n'kufulumira kuwoloka. Pamene Watson amazindikira chimene Fyness wayesa kuti waona, anasowa kolowera.

Dzuwa lisanalowe nkhani inali m'kamwam'kamwa. Anthu anayamba kukumbukira: uyu anamuonapo akutsika, uyo anamuonapo akukwera. Ena anati ulalowo anaumangira zomwezo, n'chifukwa chake matabwa anawayala motalikirana. Amayi anasiya kudutsa paulalo, ankapinda zitenje n'kuwolokera m'madzi chakumunsi. Ndipo taonani mmene manyazi amamupotozera munthu: Watson atamva zimenezi mtima unatsikako pansi, poti katundu pa paipi wachepa. Koma njinga za makala zinapitiriza, ndipo Emelda, amene mimba inali itakula moti sakanatha kutsetsereka pamatope, ankadutsabe paulalo pomwepo popita kusikelo.

"Ingondiuzani kuti n'zabodza," Emelda anamudandaulira, misozi ili chuchuchu. "Mumakatani pansipo? Ndiuzeni chilichonse, ine ndikhulupirira."

Watson anayang'ana zala za kumapazi kwake. Emelda anadikira, anadikira, kenako anapinda mphasa yake n'kusamukira kwa amayi ake.

A Kinsley anaitanitsa ankhoswe. Kuchokera ku Neno kunabwera a Melvin, akulu ake a Watson. Anakhala kuseri kwa nyumba ya a Kinsley, amuna pamipando, Emelda ndi Fyness pamphasa, mayi Esime chapatali, atatembenukira kunkhokwe. Asanayambe, a Melvin anamukokera mng'ono wawo pambali.

"Tamvera iwe, usatalikitse nkhani," ananong'ona. "Ungovomera, unene kuti ndi Satana, upepese. Atilipiritsa mbuzi, basi yatha. Izi anthu amaiwala, shuwa. Ulalo uja uzikuyankhulira, aliyense akamadutsa azikumbukira zabwino zako."

Watson anaona kuti akulu akewo akunena zoona, ndipo chimenecho ndicho chinamuopsa. Anapeza kuti anali wokonzeka ndithu kutchedwa wosuzumira azimayi, bola dzina la ulalo likhale mmene linalili.

A Kinsley anayala nkhani yonse mwachifatse, Fyness anafotokoza zimene anaona, kenako onse anayang'ana Watson. Asanatsegule pakamwa, mawu anachokera kunkhokwe kuja.

"Achimwene," mayi Esime anaitana a Kinsley, osatembenuka, "ine ndili ndi mawu. Amene anali pamwamba pa ulalo ndine, ndiye ngati pali wolakwiridwa ndine. Koma ine sindikukhulupirira. Apongozi angawa sanandichitepo mwano chibwerere pamudzi pano. Mmisiri amayendera ntchito yake. Afunseni bwino, mwina amangoona ngati zonse zili m'malo, ndiye phokoso la mwanayu lawamanga pakamwa."

Mayi uja anali atamutsegulira khomo, lalikulu, loti angodutsa ali chiimire. Kungoti eya, ndimayendera ntchito, zonse zili bwino, nkhani ikanathera pomwepo, mkazi n'kubwerera kunyumba, apongozi n'kupitiriza kumupatukira panjira. A Melvin anamuponda phazi. Watson anayang'ana Emelda. Anali atakhala chotambalala, dzanja limodzi lili pamimba, maso ali pa iye, akudikira kuti avomere. Sikelo yake inali mkuja.

"Tiyeni kukhwawa," anatero Watson. Mawu anatuluka aang'ono. "Nonse. Ndi amayi omwe."

Madzi anali ataphwa, moti onse anakwana pathanthwe ndi pamchenga, kupatula Emelda amene anatsala kumtunda. Mayi Esime anaima kumapeto, atayang'ana kochokera madzi. Watson analoza ndi chala. Poyamba a Kinsley anangoona kamzere ka dzimbiri ndi tizizindikiro ta msomali tondondozana, tina kumanja, tina kumanzere. Ndiye kunamveka belu la njinga.

"Luckson, ima!" Watson anakuwa. Koma Luckson anali kuseri kwa matumba ake, foni ikuimba nyimbo m'thumba la malaya, ndipo tayala lakutsogolo linali litakwera kale pamatabwa.

Onse anayang'ana m'mwamba. Paipi inawerama. Kamzere kaja kanatseguka ngati pakamwa pa mlamba, kuyambira mbali ino, kudutsa pansi, mpaka mbali inayo, ndipo mkati munaoneka mdima. Chitsulo chinalira kuti the! Fumbi la dzimbiri linagwera pa chipewa cha a Kinsley. Fyness anagwira pakamwa. Njinga itafika kutsidya mng'alu unatsekanso, koma unali utadumpha chizindikiro chomaliza.

"Akamwini, moni pansipo!" Luckson anakuwa akupita, osadziwa kanthu. "Ulalo wanu ndi wa bho!"

A Kinsley anavula chipewa n'kuchikuntha pabondo. "Wayamba liti umenewu?"

"Ndinabwera nawo."

"Mapaipi atsopano aja?"

"Sanali atsopano, malume. Ndinagula kwa a zitsulo zakale n'kupaka penti. Mabwana aja sanandilole ndi kulowa komwe."

"Ndiye inu mmisiri, simunadziwe kuti ndi woopsa?"

Zikanakhala bwino akanatha kuyankha kuti ayi. Watson anafotokoza za nzimbe, za chitsulo chopanikizana pamwamba ndi chokokeka pansi, za mng'alu umene umakwawa kenako n'kuthamanga. Anafotokoza bwino kwambiri, ngati mphunzitsi, ndipo mawu alionse ankamukumbira dzenje iye mwini. Anamaliza ndi mtengo umene anagubuduzira paipi m'mawa uja, anthu asanafike.

"Ndiye kuti unali pamwamba, pamalo pabwino," a Kinsley anatero pang'onopang'ono, "inu n'kuutembenuza kuti ine ndisauone."

"Eya, malume."

A Melvin anali atayang'ana kumadzi ngati munthu wongodutsa.

Kenako kunamveka mapazi pamchenga. Mayi Esime anali akubwera, osati cham'mbali, koma molunjika. Mwa chizolowezi Watson anafuna popatukira, koma kumbuyo kwake kunali khoma la khwawa. Mayiwo anaima patsogolo pake penipeni n'kumuyang'ana m'maso. Aka kanali koyamba kuti Watson aione bwino nkhope ya apongozi ake. Inali nkhope ya Emelda, yongokalamba, ndipo inali ndi kachipsera pamwamba pa diso lakumanzere.

"Iwe Watson," anatero.

Dzina lakelo linamufika ngati mbama.

"Mtengo uja unali wako?"

"Unali wanga, amayi."

"Ndinauzula ndi manja angawa. Ndinatukwana anthu osalakwa kuchigayo chifukwa cha iwe. Ndinauwaza, n'kuphikira nyemba, n'kukutumizira." Mawu awo sanakwere ndi pang'ono pomwe. "Unadya?"

Watson anayesa kuweramitsa mutu, koma maso aja sanamulole.

"Ndinadya, amayi."

Mayi Esime anayang'ana kumtunda, kumene Emelda anaima m'mphepete mwa ulalo atagwira mimba, kenako anamuyang'ananso iye.

"Bola zikanakhala zimene ananena Fyness zija," anatero. "Zikanathera pa chitenje changa. Apa wakhala akudutsa mwana wanga, ndi mdzukulu wanga yemwe."

Tsiku lomwelo amuna anatchinga ulalo ndi minga mbali zonse ziwiri. Emelda anapita kusikelo pa kabaza, pozungulira kutali kumlatho wa kumsewu. Watson sanathamangitsidwe pamudzi, ndipo patapita nthawi Emelda anabwerera kunyumba, wosayankhula zambiri. Watson anabwereka hamala yaikulu n'kuyamba kuswa konkire uja yekha, poti palibe amene anadzipereka kumuthandiza, nayenso sanapemphe. Konkireyo anali wolimba kwabasi, anamukanda bwino tsiku lija.

M'mawa wina akupita kukhwawa, hamala ili paphewa, anaona mayi Esime akubwera m'kanjira kopapatiza ka pakati pa minda. Watson anapatukira m'chimanga, anatula hamala, n'kunjuta atayang'ana kumbali.

"Mwadzuka bwanji, amayi?" anapereka moni ku chimanga.

Mayi Esime sanapatuke. Anadutsa pakati penipeni pa njira, chitenje chawo chikumukhudza paphewa.

"Ndadzuka, Watson," anatero, ngati akuyankha mwana wa aneba, n'kupitirira.

Iye anakhalabe chinjutire m'chimangamo mpaka mapazi awo atasiya kumveka.